Mafunso ndi mayankho pa nkhani yolemba nokha maphunziro ndi magiredi a ku sekondale pofunsira malo ku mayunivesite a ku America

Tsamba lino lalembedwera ophunzira amene akufunsira malo a chaka choyamba m'makoleji ndi m'mayunivesite a ku United States, pamodzi ndi makolo ndi aphunzitsi amene akuwathandiza. Ena mwa ophunzirawa anakulira komweko ndipo tsopano ali mu giredi 12, chaka chomaliza cha sekondale, ena anasamukirako atayamba kale sekondale kwawo, ndipo ena akufunsira malo ali ku Malawi, ku Zambia kapena ku South Africa atalemba kale mayeso a boma. Onsewa amafika pa gawo la fomu limene wophunzira amalemba yekha maphunziro onse amene anatenga ku sekondale ndi magiredi amene anapeza. Gawoli limaoneka lophweka, koma kulidzaza mosasamala kungalanditse munthu malo amene anali atawapeza kale.

Kodi kulemba wekha magiredi kumatanthauza chiyani?

Kale, ndiponso m'mayunivesite ambiri mpaka lero, sukulu ya sekondale ndiyo imatumiza chikalata cha magiredi chotchedwa transcript, ndipo a ku yunivesite amadikira kuti chikalatacho chifike asanayambe kuunika pempho la wophunzira. M'dongosolo limene tikukambirana pano, wophunzira amatenga kope la chikalatacho n'kukopera zonse zimene zili mmenemo pa fomu ya pa intaneti: dzina la phunziro lililonse, chaka chimene analitenga, mlingo wake, giredi ya teremu iliyonse ndi makirediti ake, amene amasonyeza kuchuluka kwa nthawi imene phunziro linatenga. Yunivesite imagamula zomutenga kapena kumukana potengera zimene walembazo, ndipo chikalata chenicheni chochokera kusukulu imadzachifuna pambuyo pake, kawirikawiri kwa okhawo amene apatsidwa malo ndipo avomera kupitako.

Tinganene kuti yunivesite imakukhulupirirani pangongole, ndipo tsiku lobweza limafika pamene chikalata cha kusukulu chaikidwa pambali pa zimene munalemba. Pa chifukwa chimenechi ntchito yanu pa gawoli ndi yokopera basi. Simukupemphedwa kumasulira, kukongoletsa, kufupikitsa kapena kusankha zoti anthu aone.

N'chifukwa chiyani mayunivesite amalola zimenezi, chikhalirecho munthu angathe kunama?

Chifukwa choyamba ndi kuchuluka kwa ofunsira malo. Nthambi ya University of California ya ku Los Angeles payokha yakhala ikulandira mapempho oposa 140,000 pa chaka kuchokera kwa ofuna kuyamba chaka choyamba, ndipo ogwira ntchito mu ofesi yolemba ophunzira sangathe kutsegula chikalata chilichonse n'kumalowetsa magiredi pa kompyuta imodziimodzi nthawi yoyankhira isanakwane. Chifukwa chachiwiri n'chakuti masukulu a sekondale a ku America sayendera kalembedwe kamodzi. Ena amagawa chaka pawiri, ena patatu, ena panayi. Ena amapereka zilembo kuyambira A mpaka F, pomwe ena amapereka manambala ofika 100. Ophunzira akalemba okha pa fomu yofanana, zonse zimafika zitasanjidwa kale, ndipo yunivesite imawerengetsa avereji m'njira imodzi kwa aliyense.

Wophunzira naye amapindula, chifukwa pempho lake silichedwa podikira mlangizi wa pasukulu amene mwina akusamalira ana mazanamazana, ndipo sawononga ndalama zotumizira zikalata ku masukulu amene mwina sadzamutenga n'komwe. Kunena za bodza, mayunivesite sada nalo nkhawa kwambiri, pakuti aliyense amene adzalowe m'kalasi ayenera kudzaonetsa chikalata chenicheni, ndipo wonama amangochedwetsa tsiku limene adzagwidwe.

Kodi magirediwo amalembedwa pati?

Pali njira zitatu zikuluzikulu, ndipo wophunzira mmodzi angathe kukumana nazo zonse m'nyengo imodzi. Yoyamba ili mkati mwa Common App, fomu imene inayamba mu 1975 ndi makoleji 15 ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito ndi masukulu oposa 1,000. Fomuyi ili ndi gawo lotchedwa Courses & Grades, limene si yunivesite iliyonse imalifuna; limakhala lokakamiza pokhapokha mwaika pa mndandanda wanu sukulu imene imalifuna, ndipo mukalidzaza kamodzi limathandiza pa masukulu onse otero.

Njira yachiwiri ndi webusaiti yapadera imene kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina lakuti SRAR, ku Florida ankaitcha SSAR, ndipo mu 2025 dzina lake linasintha kukhala STARS. Imayendetsedwa ndi kampani ya Scarlet Computing Solutions, ndipo mayunivesite monga Rutgers, Penn State, Texas A&M, Virginia Tech, University of Florida ndi Florida State akhala akuigwiritsa ntchito. Chofunika kusamala nacho apa n'chakuti webusaitiyi ndi yosiyana ndi fomu yofunsira malo. Mumatumiza pempho lanu, yunivesite imakutsegulirani tsamba lanu loonerapo mmene pempho likuyendera, ndiyeno mumayenera kulumikiza magiredi anu aja ku yunivesite imeneyo. Amene wadzaza zonse bwinobwino koma sanalumikize, pempho lake limawerengedwa kuti ndi losakwanira, ngakhale iye akuganiza kuti anamaliza kalekale.

Njira yachitatu ndi ya mayunivesite amene ali ndi mafomu awoawo. University of California, imene ili ndi nthambi 9 zophunzitsa digiri yoyamba, kuphatikizapo Berkeley, Los Angeles, San Diego ndi Davis, sigwiritsa ntchito Common App, ndipo imauza ofunsira malo kuti asatumize transcript pa nthawi yofunsira pokhapokha yawapempha. California State University nayo ili ndi fomu yake yotchedwa Cal State Apply. Yunivesite ya MIT ili ndi fomu yake yokhala ndi gawo lolembapo maphunziro, koma imafunabe kuti sukulu itumize chikalata.

Ndingadziwe bwanji chimene yunivesite imene ndikuifuna imafuna?

Werengani tsamba la ofesi yolemba ophunzira ya yunivesite iliyonse payokha, ndipo muwerenge la chaka chimene mukufunsira malo, chifukwa mndandanda wa masukulu amene amafuna zimenezi umasintha. Ngati munaphunzira kunja kwa America, funafunani tsamba la ophunzira ochokera m'mayiko ena, pakuti mayunivesite ena sawakakamiza kudzaza gawoli ndipo m'malo mwake amafuna makope a masatifiketi.

Ndikhale ndi chiyani pafupi ndisanayambe kulemba?

Mukhale ndi kope la transcript yanu yaposachedwa, lochokera kwa mlangizi wa pasukulu kapena ku ofesi yosunga zikalata za ophunzira, ngakhale likhale lopanda chidindo. Musalembe za pamtima. Munthu amakumbukira bwino giredi imene inamusangalatsa, koma B+ ya zaka zitatu zapitazo imasanduka A- m'maganizo mwake iye osazindikira. Musadalirenso magiredi amene amaoneka pa kompyuta ya sukulu teremu ili mkati, chifukwa amasintha mpaka tsiku lotsekera, ndipo chimene yunivesite idzayerekeze ndi zolemba zanu ndi transcript yokha.

Ngati munaphunzira m'masukulu awiri kapena atatu, pezani chikalata cha sukulu iliyonse. Ngati munatengako maphunziro a ku koleji muli ku sekondale, pezaninso chikalata cha kolejiyo, chifukwa nacho chidzafunika pa mapeto.

Kodi dzina la phunziro ndililembe bwanji?

Lembani monga momwe lalembedwera pa chikalata, ngakhale litafupikitsidwa moti silikuoneka bwino. Ngati pa chikalata pali Integrated Math 2, musalembe Geometry pa chifukwa chakuti zambiri zimene munaphunzira chaka chimenecho zinali za mtundu umenewo. Mafomu ambiri amafunsa zinthu ziwiri zosiyana: gulu limene phunzirolo likugweramo, monga masamu, sayansi, Chingerezi kapena zinenero zina, ndi dzina lake lenileni. Pa gulu mumasankha loyandikira kwambiri, koma pa dzina mumakopera.

Gawo limene anthu amayesedwa kwambiri ndi la mlingo wa phunziro. Ku America phunziro likhoza kukhala lawamba, la Honors, la AP limene mayeso ake amakonzedwa ndi bungwe la College Board, la IB (International Baccalaureate), kapena lotengedwa ku koleji. Musasankhe Honors chifukwa phunzirolo linali lovuta kapena chifukwa mphunzitsi ananena m'kalasi kuti akukuphunzitsani zapamwamba. Ngati chikalata sichikunena choncho, phunzirolo ndi lawamba. Mfundoyi ndi yaikulu chifukwa mayunivesite ambiri amawonjezera mapointi pa maphunziro a mlingo wapamwamba, ndipo amene wakweza mlingo molakwika wakweza avereji yake mopanda chilungamo, kaya anachita dala kaya ayi.

Pa makirediti, dziwani kuti mawuwa sakunena za giredi ya kirediti ya pa MSCE, koma kuchuluka kwa nthawi imene phunziro linatenga. M'masukulu ambiri phunziro la chaka chathunthu limapatsidwa 1 ndipo la theka la chaka 0.5, pomwe masukulu ambiri a ku California amapereka 10 pa chaka ndi 5 pa theka la chaka. Lembani zimene sukulu yanu inalemba, ndipo ngati sukulu yanu sipereka makirediti, musapeke manambala.

Ndinalephera phunziro lina kenako ndinabwereza n'kukhoza. Kodi ndingasiye giredi yoyamba ija?

Ayi, ngati ikuonekabe pa chikalata. Lembani zonse ziwiri, iliyonse m'chaka chake, kuphatikizapo maphunziro amene munawasiyira panjira ngati sukulu inawaika pa chikalata ndi chizindikiro cha W. Makolo ambiri amamva chisoni pa mfundo imeneyi ndipo amafuna kuteteza mwana wawo, koma kunena zoona, D wa mu giredi 9 amene akutsatiridwa ndi B m'chaka chotsatira amasonyeza mwana amene anadzuka atagwa, ndipo ounika mapempho amaona zoterezi tsiku ndi tsiku. Koma D yemweyo akapezeka mu Julaye pa chikalata chomaliza, pomwe pa fomu panalibe, nkhani imasiya kukhala ya masamu n'kukhala ya kukhulupirika kwa wophunzirayo.

Ngati panali chifukwa chenicheni chimene magiredi anatsikira, monga matenda, maliro, kusamuka kapena kusintha chinenero chophunzirira, mafomu ali ndi malo olembapo zowonjezera. Fotokozani mwachidule zimene zinachitika, m'mawu ochepa ndi oona, popanda kuimba mlandu aphunzitsi.

Nanga maphunziro a chaka chomaliza, amene sindinapezebe magiredi ake?

Amalembedwa ngati maphunziro amene ali mkati kapena amene mukukonzekera kutenga, ndipo pa malo a giredi simuikapo zongoyerekeza. Mu Common App maphunziro a chaka chimene muli nachocho amalembedwa m'gawo la Education. Chimene ophunzira ambiri sachilabadira n'chakuti mndandanda umenewu ndi lonjezo. Ngati munalemba kuti mutenga AP Calculus mpaka kumapeto kwa chaka ndiyeno mu Januwale mwaganiza zoisiya, dziwitsani yunivesite iliyonse imene munafunsirako malo, makamaka musanaisiye, chifukwa mwina phunziro limenelo ndilo linachititsa kuti akuganizireni pa maphunziro a zomangamanga kapena a sayansi.

Kodi maphunziro amene ndinatenga ndisanafike giredi 9 amawerengedwa?

Amawerengedwa ngati anali a mlingo wa sekondale, monga Algebra 1 kapena chaka choyamba cha Chisipanishi. Fomu ya University of California ili ndi malo apadera a masamu ndi zinenero za mu giredi 7 ndi 8.

GPA ndilembe iti, popeza chikalata changa chili ndi ziwiri?

GPA ndi avereji ya magiredi, imene kawirikawiri imawerengedwa popatsa A mapointi 4, B mapointi 3, C mapointi 2, D pointi 1 ndi F 0. Masukulu ambiri amaonetsa ina yosawonjezera kanthu ndi ina imene yawonjezeredwa mapointi chifukwa cha maphunziro a Honors, AP kapena IB, ndipo yachiwiriyi imatha kupitirira 4.0. Lembani imene fomu yafunsa, ndipo musonyeze kuti ndi ya mtundu uti. Musawerengetse yanuyanu.

Ndi bwino kudziwanso kuti mayunivesite ambiri amawerengetsa GPA mwa njira yawo, ndipo n'chifukwa chake amafuna giredi iliyonse payokha. University of California ndi chitsanzo chomveka. Imafuna maphunziro 15 a chaka chathunthu amene amatchedwa A-G: zaka 2 za mbiri, 4 za Chingerezi, 3 za masamu, 2 za sayansi, 2 za chinenero china, chaka chimodzi cha luso monga zojambula kapena nyimbo, ndi chaka chimodzi cha phunziro lowonjezera, onsewa akhozedwe ndi C kapena kuposa apo. Powerengetsa GPA imatenga magiredi a mu giredi 10 ndi 11, silabadira zizindikiro za + ndi -, ndipo imafuna 3.0 kwa okhala ku California ndi 3.4 kwa ochokera kwina. Ngakhale zili choncho, magiredi a mu giredi 9 amalembedwabe onse, chifukwa ounika amafuna kuona ulendo wonse wa wophunzirayo.

Ndinaphunzira ku Malawi. Fomu 1 mpaka Fomu 4 ndiziika pati?

Mukawerenga zaka, pulayimale ya ku Malawi ndi ya zaka 8 ndipo sekondale ndi ya zaka 4, zimene zikukwana zaka 12 monga ku America. Motero Fomu 1 imagwera pa giredi 9, Fomu 2 pa giredi 10, Fomu 3 pa giredi 11 ndi Fomu 4 pa giredi 12. Chaka cha sukulu chili ndi materemu atatu, choncho musankhe kagawidwe ka patatu ngati chikalata chanu chikuonetsa teremu iliyonse, kapena ka giredi imodzi pa chaka ngati sukulu inalemba za kumapeto kwa chaka zokha. Amene anaphunzira m'masukulu otsatira dongosolo la Cambridge mpaka A Level amakhala ndi zaka 13, ndipo ayenera kutsatira malangizo a fomuyo pa za chaka chowonjezeracho.

Pali zinthu ziwiri zosiyana zimene siziyenera kusakanizidwa: malikisi a m'malipoti a sukulu, ndi zotsatira za mayeso a boma a MSCE amene amayendetsedwa ndi MANEB. Malikisi a sukulu amalowa pa mndandanda wa maphunziro a chaka ndi chaka, pomwe zotsatira za MSCE, IGCSE kapena A Level zimakhala ndi malo akeake pa mafomu ambiri, m'gawo la mayeso. Vuto limene ophunzira a kwathu amakumana nalo kawirikawiri n'lakuti malipoti a Fomu 1 ndi Fomu 2 anatayika kalekale kunyumba. Zikatero, pitani kwa mphunzitsi wamkulu mukapemphe chikalata chimodzi cha zaka zonse zinayi, chosainidwa ndi chodindidwa, ndipo mukopere kuchokera pa chimenecho, chifukwa ndicho chidzatumizidwe. Ngati sukulu yalephera kupeza malikisi a chaka china, ndi bwino kuti mphunzitsi wamkulu alembe kalata yonena zimenezo kusiyana ndi kudzaza mipata ndi manambala opeka.

Mayina a maphunziro nawo asasinthidwe. Amene anatenga Physical Science pa silabasi yakale asaigawe kukhala Physics ndi Chemistry; Bible Knowledge, Agriculture ndi Life Skills zilembedwe momwemo, ndipo Chichewa chilembedwe ndi dzina lake m'gulu la zinenero. Amene akufuna uphungu wa pamasom'pamaso angafunse kwa alangizi a EducationUSA, amene amagwira ntchito mogwirizana ndi ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe.

Kodi ndisinthe magiredi a MSCE kuti akhale A, B ndi C kuti a ku America amvetse?

Musasinthe. Limeneli ndi langizo limene ndikuliona kukhala lofunika koposa kwa aliyense amene anaphunzira kunja kwa America, ndipo University of California imanena momveka kuti magiredi a m'mayiko ena alembedwe monga momwe sukulu inawaperekera. Palibe kasinthidwe kamodzi kovomerezeka ndi mayunivesite onse, ndipo wophunzira akadzisinthira yekha, chikalata chake chimadzabwera ndi manambala pomwe fomu ili ndi zilembo, moti woyerekeza sangaone kugwirizana kwake. Komanso amene amadzisinthira nthawi zambiri amadzipondereza, chifukwa malikisi a 70 pa sukulu ya kwathu akhoza kukhala apamwamba kwambiri m'kalasi lonse, pomwe pa sikelo ya ku America 70 ndi C wotsika.

Chimene muyenera kuonetsetsa n'chakuti sikelo yanu yafotokozedwa. Pa MSCE giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, ndipo 9 ndi kulephera, kotero kuti nambala yochepa ndiyo yabwino, ndipo mapointi 6 pa maphunziro asanu ndi limodzi ndiwo apamwamba koposa. Pa mayeso a Giredi 12 a ku Zambia naponso 1 ndiye giredi yapamwamba. Koma pa GCSE ya ku England 9 ndiye giredi yapamwamba ndipo 1 ndi yotsika, pa IB giredi yapamwamba ndi 7, ndipo pa matiriki ya ku South Africa mlingo wapamwamba ndi 7. Wounika amene wangomaliza kuwerenga pempho la mwana wa ku London akhoza kuona mzere wa ma 1 ndi ma 2 n'kuwamva mozondoka ngati palibe chomuunikira. Gwiritsani ntchito malo a zowonjezera kulemba chiganizo chimodzi kapena ziwiri zofotokoza sikeloyo, ndipo mupemphe sukulu kuti iikenso kafotokozedwe komweko pa chikalata.

Mayunivesite ena amafuna kuti zikalata za kunja ziunikidwe ndi mabungwe monga World Education Services kapena Educational Credential Evaluators. Ntchito imeneyi ndi yolipira ndipo imatenga nthawi, choncho musaiyambe yunivesite isananene kuti ikuifuna.

Mwana wathu anachita Fomu 1 ndi Fomu 2 kumudzi, kenako anadzapitiriza sukulu kuno ku America. Tilembe bwanji?

Lembani masukulu onse awiri, iliyonse ndi zaka zake ndi sikelo yake. Nthawi zambiri sukulu ya ku America imalandira maphunziro a kwawo aja n'kuwaika pa chikalata chake, mwina ndi mayina osinthidwa kapena ndi chizindikiro chongosonyeza kuti mwana anakhoza. Funsani yunivesite ngati ikufuna magiredi a pa chikalata choyambirira kapena a pa chikalata chatsopano, chifukwa mayunivesite amasiyana pa mfundoyi, ndipo University of California imafuna kuti sukulu iliyonse imene mwana anaphunzirako kuyambira giredi 9 itchulidwe, kenako n'kudzatumiza chikalata chake. Makolo ayambe msanga kulankhula ndi sukulu ya kumudzi, mwana asanafike n'komwe mu giredi 12.

Kodi zotsatira za SAT ndi ACT, mayeso olowera ku yunivesite, nazonso ndingalembe ndekha?

Mayunivesite ambiri amalola, ndipo amadzafuna zotsatira zochokera ku bungwe la mayeso mukavomera malo. Ena amafunabe zotumizidwa ndi bungwelo kuyambira pachiyambi, pomwe University of California siyang'ananso SAT kapena ACT posankha ophunzira.

Ndazindikira kuti ndinalakwitsa nditatumiza kale. Nditani?

Lemberani ofesi yolemba ophunzira ya yunivesite iliyonse imene inalandira cholakwikacho, ndipo muchite zimenezi tsiku lomwelo. M'kalatamo muike dzina lanu lonse, nambala ya pempho lanu, phunziro limene lalakwika, zimene munalemba ndi zimene zili pa chikalata. Pa Common App, zimene zatumizidwa kale ku yunivesite sizikonzeka pa fomu, ngakhale mungakonze za masukulu amene simunawatumizirebe. Musadikire kuti muone kaye ngati akutengani. Cholakwika chimene mwaulula nokha mu Disembala chimaoneka ngati kuphonya kwa chala, koma chimene achitulukira okha mu Julaye chimaoneka mwa mtundu wina, ndipo pa nthawi imeneyo mumakhala mutakana kale malo a m'mayunivesite ena onse pofika pa 1 Meyi, tsiku limene masukulu ambiri amafuna yankho.

Kodi yunivesite ingalandedi munthu malo?

Ingalande, ndipo makalata opereka malo amanena poyera kuti malowo ndi odalira chikalata chomaliza. Zifukwa zake zokhudza magiredi ndi chikalata zimakhala zitatu: kusiyana kwa zimene zinalembedwa ndi zimene zili pa chikalata, kutsika kwambiri kwa magiredi a chaka chomaliza, ndi kuchedwa kwa chikalatacho. Mu Julaye 2017 nthambi ya University of California ya ku Irvine inalanda malo ophunzira pafupifupi 500 kutatsala miyezi iwiri kuti sukulu itsegulidwe, ambiri mwa iwo chifukwa cha zikalata zimene inati sizinafike pa nthawi yake, ndipo ena chifukwa cha magiredi a chaka chomaliza. Anthu atadandaula kwambiri, akuluakulu a yunivesiteyo anapepesa n'kubwezera malo ambiri mwa ophunzirawo, koma mabanja anali atavutika kale mumtima kwa masabata angapo. Kusiyana kwakung'ono, monga B+ m'malo mwa B pa phunziro limodzi, kawirikawiri kumatha ndi kufunsidwa kuti mufotokoze. Kubisa phunziro lolephera kapena sukulu yathunthu ndi nkhani ina, ndipo bodza likatulukira wophunzira atayamba kale maphunziro, yunivesite ili ndi mphamvu yomuchotsa.

Kodi kholo, mphunzitsi kapena ajenti angandidzazire gawoli?

Angakuthandizeni kuwerenga ndi kuyerekeza, ndipo ndi nzeru kuti munthu wachiwiri agwire chikalata n'kumawerenga mokweza inu mukuyang'ana pa kompyuta mzere ndi mzere. Koma amene amasaina kumapeto kwa fomu kutsimikiza kuti zonse ndi zoona ndinu, ndipo mlandu ukadza sudzagwera ajenti. Aliyense amene akulonjeza kuti akukonzerani magiredi kuti aoneke bwino, mumukane, ngakhale akhale wachibale amene akukufunirani zabwino.

Nanga ku Britain zimayenda chimodzimodzi?

Zimafanana pang'ono. Pa fomu ya UCAS wophunzira amalemba yekha mayeso amene anakhoza ndi amene akudikira, koma magiredi oyembekezeka amalembedwa ndi sukulu, ndipo sapemphedwa kulemba malikisi a teremu iliyonse monga ku America.

Ndi masiku ati amene ndiyenera kuwasunga?

Common App imatsegulidwa pa 1 Ogasiti chaka chilichonse. Amene akufunsira malo moyambirira nthawi zambiri amatsekeredwa pa 1 kapena pa 15 Novembala, University of California imatseka kumapeto kwa Novembala, ndipo masukulu ambiri amatseka kumayambiriro kwa Januwale. STARS imatha kukhala ndi tsiku lake lotsekera losiyana ndi la pempho, ndiye mulione pa tsamba la yunivesite. Gawo la magiredi limadya nthawi yambiri kuposa momwe limaonekera, makamaka kwa amene ali ndi masukulu awiri, kotero si loyenera kulisiyira usiku womaliza.

Mukavomera malo, pemphani sukulu kuti itumize chikalata chomaliza chosonyeza tsiku limene munamaliza sekondale. Ku University of California tsiku lomaliza ndi 1 Julaye. Musakhutire ndi mawu akuti tatumiza. Lowani pa tsamba lanu la ku yunivesite mpaka mutaona kuti chalandiridwa, ndipo musunge kope la zonse zimene munalemba pa fomu pamodzi ndi makalata onse amene munalemberana ndi ofesi. Amene akulemba MSCE m'chaka chomwecho chimene akufuna kuyamba yunivesite adziwe kuti zotsatira zake sizidzakhala zitatuluka pofika pa 1 Julaye, choncho alembere ofesi yolemba ophunzira pasadakhale, afotokoze nthawi imene MANEB imatulutsa zotsatira, ndipo apemphe kuti yankho la ofesiyo libwere m'kalata.